Makombi Awiri

Magetsi athima kuyambira mbandakucha.
Kuno ku Mabvuku tinasiya kufunsa kuti abwera liti.
Ndikuunika ndi foni buku lothothoka chikuto
lomwe ndinagula pansi, pa renki ya Fourth Street,
pakati pa nthochi ndi masokosi.
Ndi la Chingerezi, koma limaphunzitsa Chitaliyana,
choncho liwu lililonse limakwera makombi awiri
lisanafike pakhomo panga.

Tsamba loyamba likuti tebulo ndi mwamuna, mpando ndi mkazi.
Il tavolo, la sedia.
Ndinayang'ana mipando yathu itatu, wina wotsimphina,
itazungulira tebulo lomwe bambo anakhoma
ndi matabwa otola ku fakitale ya simenti.
Zaka zonsezi, kani tinkadyera pa mitala.

Lachiwiri ndi Lachinayi ndimapita ku Avondale.
Sinyora Pelizzari amakweza dzanja, amvekere: la mano,
ine lilime limathamangira m'kamwa kukawerenga mano.
La moto, akuti ndi njinga yamoto.
Anatenga moto, njingayo n'kuisiya.

Mare ndi nyanja, male ndi ululu.
Pakamwa panga ziwirizi zimafunda bulangete limodzi.
Rumbidzai, yemwe timakhala benchi imodzi, amaseka mpaka misozi,
koma ikafika nthawi yoitanitsa mkaka
iye amati ratte,
ndiye ndimaseka ndine.
Ku pulayimale ankanditchula mubhurandaya chifukwa cha chilembo chomwechi.
Tikanati tisoke malilime athu awiriwa pamodzi
tikanakhoza mayeso onse.

Usiku wina, mutu wachisanu ndi chiwiri,
buku linayamba kupepesa.
Ndime yathunthu kufotokoza, ngati munthu wobweza ngongole mochedwa,
kuti Mtaliyana sakhala wanjala ayi, amakhala nayo njalayo.
Ho fame.
Ndili ndi njala.
Ho sete, ndili ndi ludzu.
Ho quarantatré anni, ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu.
Ho paura.
Apa sindinafune womasulira.
Ndinaphimba Chingerezi chija ndi chala chachikulu,
mawu n'kufika ndi kombi imodzi,
sanafunse n'komwe njira.

Bambo anachoka ku Ntcheu wapansi
n'kukasenza simenti ku Kariba, akapitawo ali Ataliyana.
Anabwerako ndi chifuwa, chipewa chachitsulo
ndi mawu awiri okha.
Loyamba linali piano piano,
ankalinena tikamathamanga ndi ndowa yodzaza.
Linalo ankalinena akadzimenya chala ndi hamala.
Ndalifufuza kumapeto kwa buku, mulibe.
Nditamufunsa Sinyora, anafiira makutu
n'kuyamba kufufuta bolodi loyera kale.

Akuti ku Udine kuli mayi wokalamba wothyoka chiuno
amene ana ake alibe nthawi.
Ndiye ndimaloweza zomwe manja anga akudziwa kale:
il cuscino, pilo,
la coperta, bulangete,
il cucchiaio, supuni, liwu lotsamwitsa ngati fupa la usipa.
Pa mzere wa ku mjigo ndimanong'ona, Le fa male?
Kukupwetekani?
Ndimagwira l uja mwamphamvu,
kuopa kukafunsa munthu wodwala za nyanja.

Ciao amamveka ngati chawo.
Chilankhulo chawo, chisanu chawo, mayi wawo.
Liwu lomwelo polonjera, lomwelo potsanzika,
ngati kuti kufika ndi kuchoka n'chimodzimodzi.

Tiyamike wadzuka, wafunda chitenje changa.
Wawerenga mapepala omwe ndamata pa chitseko, pa zenera, pa ndowa,
akuti nyumba yathu yasanduka shopu.
Kenako, maso ali pa sutikesi ili pamwamba pa kabati:
Mukapita, mudzabwera liti?

Ndatsegula buku.
Za m'tsogolo zili pa mutu wakhumi ndi chisanu ndi chinayi.
Ife tidakali pa wachisanu ndi chitatu,
ndipo foni yatsala ndi kamzere kamodzi.