Dzanja la mu Chubu

Ku Msekera, Lachitatu, magetsi athima masana.
Ine ndi Tikambenji tathamangira ku filiji
ngati m'menemo mwagona khanda.
Mulibe khanda. Muli timachubu makumi anayi,
kalikonse kakafupi ngati chala changa chakumapeto,
m'kati mwake timikanda toyera,
pa mkanda uliwonse pomangidwa puloteni
imene sindinaionepo ndi maso.

Anthu ena akutali ndiwo anaiumba.
Analemba malangizo m'thupi la mabakiteriya,
tizilombo tija tinamvera,
tinachezera usiku m'botolo lofunda
n'kutulutsa dzanja.
Dzanja lopanda mkono, lopanda mwini,
lodziwa kugwira chinthu chimodzi chokha pansi pano:
poizoni wa chuku wobisala mu nsawa.
Akuti zala zake anazikonza kambirimbiri,
ichi chifupike, icho chipindike,
mpaka linaleka kutola zilizonse ngati mwana wokwawa.

Thumba la nambala 17 ndikulidziwa.
Chingwe chake n'chachitenje chofiira,
mfundo yake ndi ya azakhali anga a Zelipa a ku Chiparamba,
amene amamanga kawiri, kenako n'kukoka ndi mano.
Sindinawauze a Shawa, abwana athu.
Ndangopera, ndasungunula, ndasefa,
ndathira madzi oderawo pamwamba pa chubu.

Dontho. Dontho.
Mafuta adutsa osapereka moni.
Shuga wadutsa. Fumbi la m'munda,
fungo la nkhokwe yodontha mvula ya Malichi,
zonse zatsika, palibe wazifunsa kumene zikupita.
Ndatsuka kawiri.
Chatsala ndi chokhacho chimene dzanja lakana kusiya.

Azakhali nawo amasankha, atakhala pa mphasa,
lichero pamiyendo, wailesi ikulira pambali:
yofota uko, yakuda uko, yoboola chiswe ipite kwa nkhuku.
Amati zala zawo sizinalakwepo chikwatiwire.
Koma ichi chilibe mtundu, sichiluma lilime,
chimangolowa m'chiwindi n'kuyala mphasa yake.
Amuna awo a Lazalo anapita mimba itatupa ngati ng'oma,
ife tinanong'onezana pamaliro,
tinaloza ndi milomo khomo la mnansi.

Jenereta yatsokomola, yadzuka.
Ndathira mankhwala omasula, dzanja latambasuka,
lapereka chimene linafumbata.
Pansi pa nyale chikuwala mobiriwira,
chokongola ndithu, sindinama,
ngati ziphaniphani za m'mbali mwa Lunkhwakwa.
Makina alemba nambala.
Ndawerenga kawiri.
Tikambenji wayamba kupukuta tebulo loyera kale.

Matumba asanu ndi anayi ali pakhonde kwawo,
ogula anati abwera mawa lake la msika.
M'matumbamo muli fizi ya mdzukulu wa ku Chizongwe,
muli malata atatu a kuchipinda chodontha.
Bolopeni yazungulira m'mwamba kanthawi.
Dzanja lija silidziwa chibale,
langali likudziwa, ndiye likunjenjemera.
Ndalemba nambalayo monga yatulukira,
ndasayina dzina langa lonse.

Kachubu ndakaponya m'bini yachikasu,
ntchito yake ndi ya tsiku limodzi.
Loweruka ndikwera minibasi ku Kapata,
nditenge shuga, sopo, ndi lona wa pepala woyanikira,
ndikafike dzuwa lisanakwere,
asanandikazingire nsawa za alendo
zimene sindikudziwa kuti ndikazikana bwanji.