Handiredi Fifite

Kompyuta ya pashopu pathu ku Dwangwa
inkadzuka ndi maso a Twaibu.
Ukatsegula tsamba, linkaima patali
ngati mlendo wamanyazi pachipata,
lonse lathunthu, kumutu mpaka kumapazi,
zilembo ngati nyerere pa shuga wotayika.
Sikisite peresenti. Iye ankati zikumukwana.
Mwana wa dzana, maso akadali ndi mano.

Ine m'mawa uliwonse, ndisanavule n'komwe juzi,
ndinkagwira mausi n'kulikoka tsambalo,
bwera kuno, sendera, senderanso,
mpaka chilembo chilichonse chitaonetsa nkhope.
Ndikatseka, laiwala.
Mawa lake labwerera kuchipata.

Lachinayi lina magetsi anabwera mochedwa,
mzere utafika kale pakhonde:
wa makhadi a ukwati, wa malisiti a chigayo,
ndi mnyamata wa kabaza, thukuta kamukamu,
atafumbata kapepala kong'amba m'kope la sukulu.
Pulogalamu ya maliro. Akuika mawa.
Sindinalikoke tsamba. Nthawi panalibe.
Ndinalemba lili chiimire kutaliko,
pulinta n'kulavula mapepala makumi asanu ndi atatu.

Patatha sabata ziwiri kunabwera mayi wa duku lakuda.
Mpando anaukana. Mawu sanakweze.
Anayala pepala pakauntala, kulisita ndi chikhatho,
chala n'kuima pansi pa chaka.
"Bambo Chikuse anabadwa fifite-firii.
Apa mwalemba fifite-eyiti.
Zaka zisanu mwaziika kuti?"

Firii ndi eyiti, ukaziona patali,
ndi ana a bere limodzi.
Ndinafuna kunena choncho. Ndinangoti pepani.

"Si zanga zakazo," anatero,
"ine ndinawapeza ali ndi ndevu kale.
N'za amayi awo,
zimene anawabereka kumsana ku Mwansambo."
Anapinda pepala kanayi, n'kutuluka.
Lole ya nzimbe inadutsa, mawindo n'kunjenjemera.

Madzulo, Twaibu atathawira ku mpira,
ndinalowa kuseri kwa pulogalamu yolembera ija,
kumene zaka zisanu ndi zinayi sindinapondeko,
khomo mkati mwa khomo,
mawu a Chingerezi ondiyang'ana ngati alonda,
mpaka ndinapeza kabokosi kakang'ono
kofunsa tsamba lizitseguka lalikulu bwanji.
Kanali pomwepo nthawi yonseyi,
kudikira wina akayankhe.

Ndinafufuta sikisite.
Ndinalemba handiredi fifite. Ndinasunga.
Ndinatseka, n'kutsegulanso, kuti ndione ngati kanama.
Tsamba linabwera lokha, osaitanidwa,
n'kudzakhala pamphuno panga.
Firii anali ndi zitseko zake ziwiri zotsegula.
Eyiti anali atatseka zonse.

M'mawa Twaibu anakuwa:
"Anti, mwaitani? Ndikuona mphuno yokha,
nanga nkhope ili kuti?"
Sakunama mwanayu.
Ukayandikira kwambiri, malire a pepala amasowa.
Mwezi watha phewa la mkwati wina
linagwera kunja kwa khadi ine osaona,
ndili kalikiliki ndi kadontho pa dzina la mkwatibwi.
Ndiye pano ndi iye amene amayamba ntchito
ndi kulikankhira tsamba kutali,
akung'ung'udza ngati ine kale.

Pulinta sadziwa za mkangano wathu.
Kaya sikisite, kaya handiredi fifite,
pepala limatuluka msinkhu womwewo,
dzina lomwelo, chaka chimene unalemba.
Chimasintha ndi pamene waima iwe.

Kuchipatala anandiuza mtengo wa magalasi.
Ndinaseka, n'kukagula inki.

M'dilowa, pansi pa masitepula,
muli pepala limodzi lokonzedwa,
fifite-firii wake ali bwinobwino.
Ndinalisindikiza usiku womwe uja, laulere.
Mayi aja sanabwerenso.
Mnyamata wa kabaza ndimamuona pamsika,
koma amadutsa mothamanga, wanyamula munthu,
ndipo ali patali choncho
sinditsimikiza ngati ndi yemwe uja.