Kadontho ka Makumi Anayi ndi Chisanu ndi Chitatu

Ku Micheweni mvula yagwa usiku wonse
ndipo foni yanga yadzuka ndi nthomba:
timadontho tofiira makumi anayi kudza tisanu ndi tiwiri.
Kadontho kalikonse ndi madzi ogona,
madzi ogona alionse ndi chikuta cha udzudzu.

Dzulo Shaame, mnyamata wa ndevu zitatu,
anaulutsa droni pamwamba pa minda ya mpunga.
Inkalira ngati mdani wathu yemweyo, wonenepa chabe.
Ana anaithamangira mpaka kuseri kwa mzikiti,
iyo ili phee m'mwamba, kuwerenga zithaphwi
monga wakatapira awerengera angongole ake.

Ine Mwanakombo, yanga ndi ya miyendo.
Thanki kumsana, chikho cha mpini wautali m'manja,
majombo a munthu wina wamapazi aakulu
amene amandiyankha fwa, fwa, ndikaponda matope.

Kadontho koyamba ndi dzenje la okumba miyala.
Nditunga, ndiyang'ana:
mphutsi zili piringupiringu
ngati zilembo za mwana woyamba kumene kumadrasa.
Ndipopera. Mankhwalawa sadziwa chule, sadziwa nsomba,
ali ndi mlandu ndi fuko limodzi lokha.
Ndijambula, ndidina,
chofiira chija chisanduka chobiriwira.

Kachisanu ndi kanayi kanali bodza,
lata lakugwa likunyezimira padzuwa.
Ka makumi awiri, mapondo a ng'ombe za Fakih,
ziboda khumi ndi zinayi, chilichonse ndi kanyanja kake.
Fakih akuti boma lasowa chochita,
likulemba mapazi a ng'ombe m'kaundula.
Ndamuseka, koma ndapopera ndithu.

Dzuwa lili paliwombo, lamba wa thanki wadya phewa.
Mapu akuti ndamaliza mudzi uno, ndikhotere kumanja.
Miyendo yakana.

Pali mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga,
wamasamba othithikana, mvula imachita kupempha njira.
Pansi pake pagona ngalawa ya malemu bambo,
yong'ambika kumutu, yosayendanso panyanja,
koma mimba yake imasungabe madzi.
Droni ikadutsa apa imangoona masamba.
Ine ndimadziwa, chifukwa masitepe khumi kuchokera apo
pali zenera lomwe Zuwena ankagona pafupi nalo
chaka chija thupi lake linatentha ngati chiwaya,
tikuthamanga naye panjinga usiku,
msewu wa ku chipatala nkutalika, nkutalika.
Akanakhala pano bwenzi akundiphunzitsa foni imeneyi,
akundiseka kuti ndimadina ndi chala chonse.

Nditunga m'ngalawamo.
Chikho chakuda bii, chamoyo.

Ndapopera kawiri, ngakhale malamulo amati kamodzi.
Kenako ndaika chala pamapu, pamalo obiriwira opanda kanthu,
ndagwiritsa mpaka kadontho katabadwa.
Foni yafunsa: madzi amtundu wanji?
Pali dzenje, pali ngalande, pali munda, pali tayala.
Ngalawa ya bambo palibe.
Ndasankha "zina".

Netiweki kuno ndi mlendo wamanyazi.
Ndakwera pachulu, dzanja m'mwamba ngati wolumbira kukhoti,
mpaka kagudumu kaja katasiya kuzungulira.

Shaame wayankha ndili m'njira:
Amayi, pamenepo sindikuonapo madzi.
Ndamulembera: ubwere wapansi, mwanangu,
maso akumwamba sawerama.
Watumiza kankhope koseka, kenako: mawa ndibwera ndi nkhwangwa,
tiiboole pansi.
Sindinamuyankhe. Ngalawayo ndiyenera kuyamba ndafunsa mlongo wanga.

Batire latsala pang'ono, muazini wayamba kuitana.
Mafunde a mpunga akuda, achule atsegula msonkhano.
Kumudzi mayi wina akukunga neti,
akukalipira mwana kuti alowe msanga.
Sabata yamawa mvula idzalembanso zake,
foni idzadzukanso ndi nthomba,
ine ndidzavalanso majombo a mwiniwake.
Lero ndikatsuke chikho.