Sopo wa Jenoveva

Ku Moatize fumbi siliodira.
Limalowa m'makutu, m'mphepete mwa zikope,
m'mizere ya chikhatho momwe amati mumagona mwayi wa munthu.
Ine ntchito yanga ndi kukoka lona pamwamba pa malole a malasha,
ndipo pofika Okutobala
khosi langa linali khungwa la mtengo wa masawu,
msana wonse nsungu zoyabwa usiku,
ndikudzikanda ndi chitsononkho ngati ng'ombe pachitsa.

Ndinayesa sopo wa m'sitolo,
wobiriwira, wofiirira, wina wojambulidwa mkazi akumwetulira.
Thovu mbwee,
koma ndikauma ndimatuwa
ngati mwana wogona paphulusa.

Jenoveva amakhala pafupi ndi pokwerera chapa,
pakati pa mayi wa malambe ndi mnyamata wokonza mafoni.
Ndi wa ku Domwe, kwathu kozizira.
Ndinamudziwira juzi yomwe amamangabe m'chiuno
ngakhale dzuwa likuswa mtengo.
Palichero pake panali zibuluma zakuda,
zosalingana, ngati zigumu zoiwalidwa pamoto.

Ndinaseka.
Ndati, mayi, malasha ndawasiya kuntchito,
mukufuna ndigule ena?

Iye osaseka.
Anandigwira mkono, nautembenuza
monga achitira wogula nkhuku.
Mametikali makumi atatu, anatero.
Usakhule nkhope ngati ukukwecha mphika.
Fikisa m'manja, thovu lokhalo ndilo lipite pakhungu.
Ukatha, dzola mafuta.
Ndipo usausiye m'madzi,
umasungunuka ngati malipiro a pa mwezi.

Tsiku lina ndinampeza akuupanga kuseri kwa nyumba ya lendi.
Makoko a nthochi atayanikidwa padenga la malata,
akuda bii, opiringizika ngati zala za nkhalamba.
Amawatola kwa ogulitsa zitumbuwa,
zinthu zoti mbuzi zikanalimbirana.
Amawaotcha, phulusa nkuthira m'chitini choboola,
madzi nkumadontha,
dontho,
dontho,
chidulo chomwe chija cha therere
koma ichi chaukali, chosalawa mwana.
Kenako mafuta a mtedza, pang'ono a nsatsi,
ndi mthiko womwe sudzaonanso chakudya.
Kutakasa kuyambira tambala mpaka sitima yamasana itadutsa,
mkono kuchita dzanzi,
iye akukangana ndi mwana wake Zakeyu za homuweki.
Ndinafunsa muyeso.
Anati muyeso uli m'mphuno.

Madzulo m'bafa langa la mapesi
ndinathira madzi a ku Revubwe pamutu.
Sopoyo sanunkhira duwa lililonse.
Amanunkha munda wootchedwa pambuyo pokolola,
amanunkha malaya a bambo anga
akuchokera kotentha mapesi ku Domwe,
ndipo ndinaima kaye, thovu lotuwa m'manja,
munthu wamkulu ndi ndevu zake.

Madzi anayenderera akuda kupita kumpanda.
Sindinathe kusiyanitsa
kuti sopo ndi uti, malasha ndi ati.

Sikuti ndinadzuka mawa lake ndili mwana wakhanda, ayi.
Sabata yoyamba kunathethetsa m'ming'alu.
Yachitatu chitsononkho ndinachiponya pamoto.
Mkazi wanga Rozalina atabwera kudzatenga ndalama ya feteleza
anandisisita pakhosi nati,
kodi kuno wapeza wina wokusamala?
Ndinamuonetsa kachibuluma kali pa mwala,
katatsala ngati nthanga ya dzungu.
Anakanunkhiza, nakakulunga m'chitenje,
napita nako.

Dzulo ndinakagulanso.
Ndikuwerenga makobidi chifuwa chinandigwira,
ndinatembenuka, ndi kulavula pansi,
malovu akuda pa dothi lofiira.
Jenoveva anawayang'ana nthawi yaitali.
Anandiikira chibuluma chachiwiri osalipiritsa,
nati, mwana wa kwathu,
wanga uyu amalekeza pakhungu.
M'katimo safikamo.

Sitima inali ikudutsa,
mabogi osatha kuwawerenga, kulinga kunyanja,
ndipo zomwe ananena pambuyo pake
sindinazimve.