Falansa wa Masiku Atatu

Zaka makumi atatu, a Makwinja,
munaphunzitsa ana a eni Chifalansa,
choko chitayeretsa manja ndi kolala,
koma ndege munkangoiona ikudula mtambo
mutaima pakhonde ku Matawale.
Kalendala ya m'chipinda, ya chaka chimene anabadwa Tiyanjane,
munakaniza kuti ndiyatsire mbaula:
mizinda yamiyala, timisewu topanikizana,
tchalitchi chosongoka ngati chikufuna kubaya kumwamba.
"Tsiku lina, Esinati," munkatero. "Penshoni ikadzatuluka."

Inatuluka, yopyapyala ngati bulangete la kuchipatala.
Tinaiwerenga kawiri pabedi.
Ikanatifikitsa pa Chileka n'kutibweza.
Inu munavala jekete la paukwati, mabatani akukana kukumana,
n'kuti, "Longedza chikwama. Mzinda wakale tili nawo pompano."

Ndinaseka. Zomba?
Komwe ndimagula matemba Loweruka lililonse?

Koma tsiku loyamba munandigwira dzanja pamsewu,
zimene simunachitepo chikwatirane,
wakabaza wina mpaka anatsala pang'ono kugwera m'ngalande.
Tinaima panyumba yamalamulo yakale,
inu mukuwerenga njerwa ngati ndime za m'buku,
ine ndikuona ndere pakhoma
ndi khwangwala akutsegulira yekha msonkhano padenga.
Pansanja ya asilikali munavula chipewa,
chala chikuyenda pamaina
kufuna la ambuye anu amene anapita kunkhondo osabwerako.
Simunalipeze. Munavalanso chipewa mosafulumira.
M'munda wa mitengo, m'mbali mwa Mulunguzi,
tinakhala pabenchi yosowa thabwa limodzi,
madzi akulankhula chinenero chimene simunaphunzitsepo.

Madzulo, thebulo la nsalu yoyera.
Mafoloko atatu, chonsecho dzanja lodyera ndili nalo limodzi.
Munayitanitsa m'Chifalansa. Mnyamata anakuyang'anitsitsani:
"Aphunzitsi, ndine Gidiyoni wa fomu thuu.
Mawu omwewo ndi amene anandigwetsa mayeso."
Anabweretsa supu wa bowa,
nsomba ya m'madzi ozizira a paphiri,
ndi tchizi chonunkha ngati sokosi zanu za m'dzinja.
Munati kwawoko amadya nkhono ndi miyendo ya achule.
Ndinati ndiye bwino penshoniyo inachepa.
Vinyo tinagula tambula imodzi, n'kumalandizana,
mlomo wanga pomwe pachoka wanu.

Tsiku lachiwiri kunagwa chiperoni.
Sitinatuluke m'chipinda cha alendo.
Panalibe mdzukulu wogogoda, panalibe wobwereka mchere.
Zina za tsikulo sizolemba.

Lomaliza tinakwera phiri pagalimoto yahayala yotsokomola,
ine ndikupemphera pakona iliyonse.
Ana anatithamangira ndi mbale za sitiroberi,
ndipo nyani anatilanda theka, ndi zikomo yemwe ayi.
Pamwamba chifunga chinali chitameza zonse,
mitengo ya paini, msewu, ngakhale nsonga za nsapato zanu.
Munati, "Apatu, Esinati, tikhoza kukhala kulikonse."
Sindinayankhe. Ndinamva dzanja lanu likunjenjemera,
kaya ndi kuzizira, kaya ndi zaka.
Tinadikira.
Chitang'ambika, Chilwa anaoneka phee kumusi,
Mulanje kutali atafunda mtambo wake,
ndiponso denga lathu, ndikulumbira ndinaliona,
ndi tayala lija munaponyapo kuti mphepo isasasule malata.
Inu munayamba kunena chinachake m'Chifalansa,
n'kuchisiyira pakati,
n'kumaliza m'Chichewa: "Koma kwathu kuno, ayi ndithu."

Tabwerako dzulo. Nkhuku imodzi yasowa,
ndipo Tiyanjane sanathirire mpiru.
Lisiti la chakudya chija ndalibaya pamsomali wa kalendala,
laphimba theka la tchalitchi.
Mwaliona. Simunalichotse.
M'mawa uno, mukumanga nsapato,
mwandifunsa osadzutsa mutu
ngati bondo langali lingapirire ulendo wina.
Ndati, wa kuti?
Mwati, mwamva kuti ku Domasi nako kuli nyumba zakale.