Khola Loyenda

Anandiseka pa Santhe
tsiku lomwe ndinatsika minibasi ndi katoni yolira.
Ati mai a Lufeyo agula phokoso,
anapiye zana opanda make,
adzawafungatira ndi chiyani, chitenje?

Ndinawafungatira ndi mbaula.
M'chigafa momwe malemu ankayanikamo fodya,
momwe fungo la chikonga silinathe mpaka lero,
ndinayala makoko a mtedza,
masabata awiri tulo ndikugona tamphaka,
diso lina pa makala, lina pa mzere wa linthumbu.
Asanu ndi awiri anafa.
Ndinawawerenga
monga muja tiwerengera ndalama yogwera m'chitsime.

Sabata lachitatu tinawatulutsa.
Khola lake n'lansungwi ndi waya,
lata limodzi ladzimbiri pamwamba,
pansi pake ndi nthaka yomweyi basi.
M'mawa uliwonse mame asanakamuke,
ine kutsogolo, Lufeyo kumbuyo,
timalikoka mapazi khumi.
Pang'onopang'ono, mwanawe,
mwendo ungathyolewo ndi fizi yako.

Nkhuku zoyerazi n'zopusa, ndivomere.
Yachikuda ikaona mthunzi wa kabawi
ili kale kunsi kwa nkhokwe;
izi zimangopendeketsa mutu ngati zamva ndege.
Tsiku loyamba zinaopa udzu.
Koma chiwala chimodzi chitalumpha
china chake chakalekale chinadzuka m'mitu mwake,
zinathamangitsana, kugwa chafufumimba, kudzukanso,
kapinga, chisoso, bonongwe wanthete,
chiswe cha m'mapesi,
zonse kukhosi.

Gaga wakwera. Soya wakwera.
Chitopa chadutsa kwa a Kachigwada, chasesa bwalo lonse.
Ine ndasungunula katemera m'madzi,
ndatseka ndi minga kanjira kachidule ka pamunda,
anthu akuti ndayamba matama.
Usiku vumbwe amazungulira,
ndimamva galu akukambirana naye.

Velonika ndinamuuza: usazitche maina.
Izi si zathu, n'za sikelo.
Iye wapezamo kamodzi kotsimphina,
kosakula, kofika pa chakudya anzake atamaliza,
wakatcha Nachedwa.
Amakadyetsa padzanja ndikapita kudimba,
akuyesa sindiona gaga wa m'thumba la yunifomu.

Sabata lachisanu ndi chiwiri
wa kanyenya wafika, dengu pakaliyala.
Anyamula imodzi, aiyesa m'dzanja, apapasa nganga.
Ati nyama yake njogwira,
siisungunuka pachiwaya ngati zija zokulira mumdima,
ati komabe, mayi, chotsaniko.
Tinakokana mpaka dzuwa kupendeka.
Ndinachotsako mazana awiri pa imodzi,
ndipo mpaka pano akundiwawa.
Maulendo anayi njinga yake inabwerera,
ulendo wachinayi ine ndinali kuseri kwa chigafa,
ati ndikufuna chingwe.

Madzulo kunali zii.
Makutu anasowa chogwira.
Ndalama ndamanga pamfundo ya chitenje,
ina ya fizi, ina ya ngongole ya kubanki mkhonde,
yotsalayo katoni ina yolira.

Ndinayenda pamunda.
Apa fodya anatisiyira mchenga ndi kaufiti,
zaka zisanu khasu likungolira pamwamba.
Koma taonani:
pomwe khola linagona usiku umodzi umodzi
pali zigamba za msipu, china pambuyo pa chinzake,
cha tsiku loyamba chafika kale m'akakolo,
cha dzulo chikadali zitosi ndi nthenga.
Munda wasokedwa ngati buluku la m'busa.
Mvula ikagwa chimanga ndidzabzala pomwepo,
ndione ngati nthaka imakhululuka.

Kumbuyo kwanga, kwiyo.
Nachedwa.
Wa kanyenya anakakana, ati n'kamafupa okhaokha.
Kali kokha m'khola la nkhuku zana,
kakuyenda ngodya ndi ngodya ngati mwini estiteti.

Mawa tilikokabe mapazi khumi.
Lufeyo wayamba kale kung'ung'udza,
ati khola lonseli chifukwa cha kamodzi?
Velonika wati asavutike,
kumbuyoko agwira yekha.