Lachiwiri ku Ílhavo

Ndimayamba ndi zenera. Kutseka.
Mphepo ya Januwale yochokera kunyanja yamchere
imadziwa polowera m'mafupa a nkhalamba.
Ndiyatsa hita, ndiyala mphasa ya labala pamatailosi,
ndigwedeza chitsulo chogwirira pakhoma kuona ngati chili nganganga,
ndikankha mpando wapulasitiki mpaka miyendo yonse inayi itavomera.
Mathaulo awiri, sopo wosanunkhira, kansalu kofewa,
zonse pofikira dzanja,
pakuti mphindi imene watembenuka kukatenga chomwe waiwala
ndi mphindi yomweyo imene munthu amagwa.

Madzi ndimayesa ndi chigongono.
Zala zanga n'zabodza, zinazolowera moto.

Bambo Anselmo anatha zaka makumi atatu
pa sitima zopha nsomba kumpoto kwenikweni,
kumene madzi amaundana pandevu munthu akulankhula.
Lero amaima pakhomo la bafa, ndodo ili njenjenje,
maso ali pa kadontho kamodzi kotsalira pansi
ngati akuyang'ana dziwe lopanda malekezero.

"Ndinasamba dzulo, Graciete."
Amatero Lachiwiri lililonse.
Sinditsutsa. Kutsutsana nawo n'kuziziritsa madzi chabe.
Ndimati, "Tabwerani mundionere ngati ndatheketsa bwino,
madzi mumawadziwa ndinu."
Apo amabwera, akung'ung'udza,
dzanja limodzi pachitsulo, lina paphewa langa,
phazi, kupuma, phazi.

Akakhala, thaulo limatsala pamiyendo.
Ulemu wa munthu suvulidwa pamodzi ndi malaya.
Ndiyambira kumapazi, madzi akwere pang'onopang'ono, mtima usadzidzimuke,
ndipo sindikhudza ndisananene:
tsopano bondo, tsopano msana, kwezani mkono.
Khungu lawo ndi gaga la anyezi, sukhula, umangosisita.
Maso anga amasamba nawo limodzi,
kufuna pofiira pachidendene, potupa pachiuno,
zoti ndikalembe m'kabuku ka anamwino.
Pachikhato pali chipsera cha mbedza, choyera ngati ulusi.
Nkhope amasamba okha. Imeneyo sindilanda.

Sabata yatha, poimirira, bondo linawakana.
Ndinamva thupi lonse likutsetsereka ngati thumba lonyowa.
Sindinakoke mkono, ukanaguluka.
Ndinawatchinga ndi chiuno changa, manja anga kuwazinga m'mimba,
n'kutsika nawo, tonse awiri, mpaka pampando.
Anatukwana mawu a pasitima.
Kenako anaitana Deolinda, amene anagona kumanda zaka zisanu ndi zinayi zapitazo,
ndipo ine ndinayankha kuti ndili pano,
poti panalibe wina woyankha.

Tinakhala chete, mpope ukudontha.
Ndinawafunditsa thaulo lachiwiri.
Mtima wanga unkagunda m'makutu.

Atapeza mpweya anati,
"Kumpoto kuja, mnzathu akagwera m'madzi
sitinkamugwira dzanja. Dzanja limaterereka.
Tinkamugwira lamba."
Anandiyang'ana ndi diso limodzi, lina lili ndi thovu.
"Anakuphunzitsa ndani?"

Lero tatha popanda chochitika.
Ndagwada, ndikupukuta pakati pa zala za kumapazi, chimodzichimodzi,
chifukwa chinyezi chikabisala pamenepo chimabala chilonda.
Mafuta pazigongono. Sokosi zaubweya,
silipasi zolimba kunsi asanaponde pansi.
Iwo akudandaula kuti khofi wa masiku ano ndi madzi otsukira mbale,
kuti mwana wawo wa ku Lyon saimba foni,
kuti ndawapesa tsitsi ngati mwana wa ubatizo.

Ndawakhazika pafupi ndi zenera la pabalaza, bulangete pamawondo,
pomwe amaonera mbalame zakunyanja zikukangana padenga la tchalitchi.
Ndabwerera kubafa kukakolopa.
Ndakolopanso kachiwiri,
n'kugwada kuyang'ana pansi mopendeketsa mutu, molunjika kuwala,
kusaka kadontho kaja.

Basi yanga ndi ya leveni koloko.
Amayi Ermelinda a pamsewu wachitatu akudikira,
iwo amaopa shawa, amafuna beseni.